Mmene mungayendere tsiku limodzi pa galimoto yogonamo kuchoka kugombe kukafika kumsasa wa m'mbali mwa nyanja

Ulendo wochoka kugombe la nyanja yamchere kupita kumsasa wa m'mbali mwa nyanja ya madzi opanda mchere, pa galimoto yomwe ili ndi bedi, pophikira ndi posambira mkati mwake, imene ambiri amaitchula kuti RV, umasangalatsa maso kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma woyendetsa sangaone kukongolako ngati mtima wake uli m'mwamba chifukwa mabuleki ayamba kununkha, kapena chifukwa dzuwa lapendeka msasa udakali kutali. Tsiku lotere limakoma pamene mtunda ndi waufupi, galimoto yakonzedwa dzulo lake, ndipo chitsetse chomaliza mwachitsika mosapupuluma. Kumbukirani kuti gombe lili pansi penipeni, kotero msewu wolowera kumtunda umakwera, ndipo nyanja zambiri zakumtunda zimakhala m'chigwa kuseri kwa mapiri. Izi zikutanthauza kuti galimoto yanu ilimbana ndi mphepo m'mawa, chikweza masana, ndi chitsetse pa nthawi yomwe inu mwayamba kutopa.

Yambani ndi mtunda. Ine ndimaona kuti makilomita 250, kapena 300 mukachulutsa, ndi okwanira pa tsiku limodzi, chifukwa pa misewu yokhotakhota galimoto yolemera chotere siyenda liwiro lomwe mapu a pafoni amawerengera. Mapuwo amaganizira galimoto yaing'ono, ndiye ngati akunena kuti ulendowo ndi wa maola anayi, inu werengerani asanu, kenaka muwonjezepo maola awiri a kuima, kudya ndi kuona malo. Cholinga chanu chikhale kufika kumsasa cha m'ma 3 koloko masana, kuwala kukadali kokwanira.

Musanasankhe msewu, yezani nokha kutalika kwa galimoto yanu kuchokera pansi kufika pa chinthu chomwe chili pamwamba kwambiri padenga, kaya ndi makina oziziritsira mkati, mlongoti wa wailesi yakanema, kapena mabokosi a katundu. Nambala yomwe ili m'buku la galimoto nthawi zambiri siwerengera zinthu zomwe zinaikidwa pambuyo pake. Lembani nambalayo pa kapepala ndipo mukamate pafupi ndi chiwongolero, pamodzi ndi ya m'lifupi mwake kuphatikizapo magalasi am'mbali, pakuti mukaona chikwangwani cha mlatho wotsika mumakhala ndi masekondi ochepa chabe oganizira. Fufuzaninso ngati pa msewuwo pali milatho yoletsa galimoto zolemera kapena ngalande zodutsa pansi pa phiri. Imbani foni kumsasa ndipo mufunse msewu womwe galimoto zazikulu zimalowera, kutalika kwa malo omwe akupatsani, nthawi yomwe amatseka chipata, ndiponso mtundu wa magetsi omwe ali nawo. Sungani mapu m'foni momwemo, chifukwa m'mapiri netiweki imasowa pa malo omwe mumaifunitsitsa.

Madzulo a tsiku lomaliza kugombe, tsukani galimoto ndi madzi opanda mchere. Mukadutsitsa chala pa galasi lakutsogolo mutakhala masiku angapo pafupi ndi mafunde, mumva kuti likumata, ndipo chalacho chisiya kanjira pakati pa utoto wotuwa womwe simunauone. Umenewo ndi mchere womwe mphepo yakhala ikuwaza usana ndi usiku. Pagalasi umachititsa khungu dzuwa la m'mawa likawomba, ndipo pachitsulo umayambitsa dzimbiri, makamaka kunsi kwa galimoto, m'mahinji a zitseko, pa masitepe ndi pa malo olumikizira mawaya. Thirani madzi ambiri kunsiko ndi mkati mwa malo a matayala momwe mchenga umabisala.

Nkhani ya kulemera ndi yomwe anthu ambiri amaipeputsa, chikhalirecho ndiyo imalamula mmene galimoto ikwerere ndi mmene iimire. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 yodzaza ndi chimodzimodzi kunyamula munthu wina wamkulu ndi chikwama chake. Ngati kumsasa kuli madzi akumwa, nyamulani ongokwanira panjira. Thanki ya madzi akuchimbudzi ndi ya madzi ochokera mosambira ndi motsukira mbale muzikhuthule pa malo ovomerezeka musananyamuke, ndipo muyambe ndi yakuchimbudzi kuti madzi asopo a thanki inayo atsuke paipi. Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kapena kapepala kosonyeza kulemera komwe siyenera kupitirira, ndipo njira yokhayo yodziwira zoona ndi kuiyeza pa sikelo ya galimoto zazikulu itanyamula zonse, anthu omwe. M'mayiko ambiri a ku Ulaya, laisensi wamba ya galimoto imalola kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, ndiye kupyola malirewo kumakhudza chitetezo ndi lamulo lomwe. Katundu wolemera muike pansi, pafupi ndi pakati pa galimoto, ndipo m'makabati am'mwamba musiyemo zopepuka zokha monga zovala.

Matayala muwayeze m'mawa galimoto isanayende, akadali ozizira, chifukwa akatentha mpweya umafufuma ndipo chida choyezera chimakupatsani nambala yokwera. Tsatirani nambala yomwe opanga galimotoyo analemba malinga ndi kulemera kwa katundu, ndipo ngati kumbuyo kuli matayala awiriawiri, musaiwale amkati, omwe amatha kukhala opanda mpweya anzake akunja akuoneka bwinobwino. Matayala a galimoto zogonamo kawirikawiri amakalamba asanathe mapazi ake, popeza galimotozi zimakhala miyezi yambiri zitaima padzuwa. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza nthawi yomwe linapangidwa: mwachitsanzo, 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lomwe ladutsa zaka zisanu lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo lomwe lafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka latsopano. Mukaona timing'alu m'mbali mwake, musapite nalo kumapiri. Onaninso oilo, madzi oziziritsira injini ndi mafuta a mabuleki.

Mkati mwa nyumbayo, chilichonse chomwe sichinamangidwe chidzayenda chokha pa khona loyamba. Tsekani makabati mpaka mumve kuti loko wagwira, khomani chitseko cha furiji, tsitsani zivundikiro za padenga, ndipo ketulo, mipeni ndi mabotolo muziike pamalo pomwe sizingagudubuzike. Gasi wophikira ndi bwino kumutseka pa silinda penipeni musananyamuke, pokhapokha ngati galimoto yanu ili ndi chida chomwe chinapangidwa kuti chidule gasi pakachitika ngozi. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamadontha amaunjikana pansi mmalo mouluka, ndipo pothira mafuta pasakhale lawi lililonse loyaka, ngakhale laling'ono la furiji kapena lotenthetsera madzi. Mukamaliza, tulukani ndi kuzungulira galimoto kawiri, koyamba mukuyang'ana m'mwamba, kachiwiri mukuyang'ana pansi. Muzifunafuna chingwe cha magetsi chomwe chikadali cholumikizidwa, paipi ya madzi, sitepe yotuluka, denga la nsalu lomwe silinakhomedwe, miyendo yochirikizira ndi zotchingira matayala. Aliyense akhale pampando wokhala ndi lamba, ndipo pasakhale wogona pabedi galimoto ikuyenda.

Kugombe m'mawa kumakonda kuchita nkhungu. Ngati yachuluka moti simukuona bwino kutsogolo, dikirani ola limodzi, pakuti dzuwa likakwera imayamba kubalalika, ndiponso kuyenda mu nkhungu kukulepheretsani kuona malo omwe munadzera. Mukayenda, yatsani nyali zotsika, chifukwa zowala kwambiri zimabwerera m'maso mwanu. Chachiwiri ndi mphepo. Mbali ya galimoto yogonamo ndi yaikulu ngati khoma, ndipo pa milatho yodutsa pamathiriro a mitsinje, pamitu ya zitunda, ndi pamene mwangotuluka kuseri kwa thanthwe, mphepo imakankha mwadzidzidzi. Gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri, chepetsani liwiro musanafike pa malo otseguka, ndipo galimoto ikakankhidwa muibweze pang'onopang'ono mosakoka mwamphamvu. Lole yaikulu ikamakupitirirani mudzamva ikukukankhirani kumbali kenaka ikukukokerani kwa iyo, ndipo mukakhala kuti mwaiona kale pagalasi, zimenezi sizikudzidzimutsani.

Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 22 pa sekondi iliyonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza pafupifupi kanayi. Chifukwa cha ichi, siyani mpata wa masekondi osachepera asanu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo. Pokhota m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa gombe, kumbukirani kuti matayala akumbuyo amadula khona pamene mchira wa galimoto umatayikira mbali inayo, ndipo ndi mchira umenewu womwe umagunda zikwangwani ndi mapampu a mafuta. Thirani mafuta musanayambe kukwera, thanki ikadali ndi theka, chifukwa chikweza chimadya mafuta ambiri ndipo malo othirira omwe galimoto yaikulu ingalowe ndi kutulukamo mosavuta amachepa mukalowa m'mapiri.

Woyendetsa asamaone malo galimoto ikuyenda. Ndikunena izi motsindika chifukwa msewu wokongola kwambiri ndi womwenso umakhala ndi phompho m'mbali. Sankhiranitu malo awiri kapena atatu oimapo, ndipo musanapatuke muone ngati pali potulukira popanda kubwerera chambuyo, ngati pansi ndi polimba, ndiponso ngati galimoto yonse ikwana kunja kwa msewu. Malo oyamba akhale pamene nyanja yamchere ikuoneka komaliza, chifukwa mukakhota kulowera kumtunda simudzaionanso. Poima paliponse, yendani mozungulira galimoto ndipo muyandikize dzanja pa tayala lililonse. Lomwe latentha kuposa anzake likukuuzani kuti mwina mpweya wachepa kapena buleki ikugwira yokha.

Pachikweza musalimbane ndi galimoto. Mukamakwera mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda tebo (chida chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu zake pa mamita 300 alionse omwe mwakwera. Tsitsani giya injini isanayambe kulira molemedwa, khalani kumbali ya galimoto zoyenda pang'onopang'ono, ndipo diso limodzi likhale pa muvi wosonyeza kutentha kwa injini. Ukayamba kukwera, zimitsani makina oziziritsira mkati ndi kuchepetsa liwiro, ndipo ukapitirirabe, imani pamalo otetezeka. Musatsegule chivundikiro cha rediyeta injini ili yotentha, pakuti madzi owira amatumphuka ndi kuwotcha nkhope ndi manja. Galimoto zikandondozana pambuyo panu, patukani pamalo oyamba oyenera kuti zidutse, chifukwa dalaivala yemwe wakhala pambuyo panu nthawi yaitali amayamba kupitirira pa malo osayenera.

Pamwamba pa phiri imani, ngakhale simunatope. Mudzapeza kuti kukuzizira kuposa kugombe, popeza kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse, choncho juzi ikhale pafupi. Potsegula mabotolo a sopo kapena mafuta odzola omwe munatseka kugombe, chitani mosamala chifukwa mpweya wa mkati mwake wafufuma. Apa ndi pabwino kudya chakudya chamasana, kupumitsa injini, ndi kuwerenga chikwangwani chosonyeza kutsetsereka ndi kutalika kwa chitsetse chomwe chili kutsogolo. Chikwangwani cha 8% chikutanthauza kuti msewu ukutsika mamita asanu ndi atatu pa mamita 100 alionse, ndipo kwa galimoto yolemera kumeneko ndi kutsetsereka kofuna ulemu.

Chitsetse ndicho gawo lomwe limafuna nzeru zanu zonse. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo mukawaponda mosalekeza kwa makilomita angapo, amatentha mpaka kusiya kugwira. Mafuta a mabuleki nawo amayamwa chinyontho akamakalamba, ndipo akawira, chopondera chimafewa ndi kulowa pansi popanda kuchita kanthu. Njira yopewera zimenezi imayamba musanayambe kutsika: chepetsani liwiro mukadali pamwamba ndipo lowetsani giya yotsika, kawirikawiri yomwe munakwerera kapena yotsikirapo, kuti injini ndiyo igwire galimoto. Galimoto yosintha yokha magiya ilinso ndi njira yoitsekera pa giya yotsika, ndipo muiphunzire m'buku lake musananyamuke. Injini idzalira mokweza, ndipo kulira kumeneko kusakuopseni bola muvi wa kazunguliridwe kake usafike pofiira. Liwiro likakwera kupitirira lomwe mwasankha, pondani mabuleki mwamphamvu kwa masekondi ochepa mpaka litsike ndi makilomita khumi pa ola, kenaka chotsani phazi kuti mabuleki apume. Bwerezani zimenezi mpaka pansi. Musaike giya pa nyutulo, ndipo muchepetse liwiro musanalowe pa khona, osati muli kale pakati pake.

Fungo la mabuleki otentha ndi lakuthwa, longa la chinthu chopserera, ndipo mukalimva kamodzi simuliiwala. Mukalimva, kapena mukaona kuti chopondera chafewa, imani pamalo oyamba otetezeka ndipo dikirani theka la ola kapena kupitirira. Musathire madzi pa zitsulo zotenthazo, chifukwa zimatha kupindika kapena kung'aluka. Misewu ina ya m'mapiri ili ndi njira zapambali zodzaza ndi miyala ing'onoing'ono zoimitsira galimoto zomwe mabuleki akana, ndipo ndi bwino kuzizindikira pamene mukudutsa zikwangwani zake. Kwa amene akukoka kalavani, vuto lina ndi kugwedezeka kwa ngoloyo uku ndi uku, komwe kumayamba kawirikawiri potsika, makamaka ngati katundu wachuluka kumbuyo kwake. Zikatero, wongolani chiwongolero, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, ndipo ngati muli ndi chida chogwirira mabuleki a kalavani payokha, chigwiritseni ntchito modekha. Nthawi zambiri nyanja imayamba kuoneka pakati pa mitengo muli pa chitsetse chomwechi, ndipo apa ndi pamene woyendetsa ayenera kusiyira anzake kuiona mpaka atafika pansi.

Mukafika kumsasa, musalowetse galimoto pamalo anu musanawayendere ndi miyendo. Yang'anani nthambi zotsika, zitsa, miyala, pomwe pali magetsi ndi mpopi, ndiponso kulimba kwa nthaka, chifukwa udzu wobiriwira wa pafupi ndi madzi umatha kubisa matope omwe angamize matayala. Onani mzere wa zinyalala ndi timitengo womwe madzi anasiya pamene anakwera komaliza, ndipo muime kumtunda kwake. Pobwerera chambuyo, mnzanu aime pomwe mukumuona pagalasi, mugwirizane zizindikiro za manja musanayambe, ndipo akangosowa pagalasipo, imani nthawi yomweyo. Kutsika kukaona nokha kawiri kapena katatu ndi nzeru.

Malo a m'mbali mwa nyanja amapendekera kumadzi, choncho kulinganiza galimoto ndi ntchito yosathawika. Ikani chida choyezera kulingana pansi pakati pa nyumbayo, kapena kapu ya madzi patebulo, ndipo muone mbali yomwe madzi apendekera. Yambani kukonza kupendeka kwa m'mbali pokwezera matayala pa matabwa kapena zokwezera zake, kenaka kwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mukatero mumange buleki yamanja ndi kutchinga matayala. Miyendo yochirikizira ya kalavani ndi yoletsa kugwedera chabe, si yonyamulira. Kulinganizaku n'kofunika pa tulo, komanso pa furiji ya mtundu womwe umayendera gasi, yomwe imaziziritsa poyendetsa amoniya ndi madzi m'timapaipi mothandizidwa ndi kutentha. Ikagwira ntchito nthawi yaitali itapendekeka, madziwo sayenda bwino ndipo timapaipito timawonongeka.

Polumikiza magetsi, zimitsani kaye switchi ya pamtengo wa magetsi ngati ilipo, lumikizani chingwe, kenaka muyatse. Chingwecho muchitambasule chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha. Dziwani mphamvu yomwe mwapatsidwa: ku North America malo ambiri amapereka ma amp 30 kapena 50, ndipo ma amp 30 pa mavoti 120 ndi mawati 3,600, pamene ku Ulaya magetsi ndi a mavoti 230 ndipo misasa ina imangopereka ma amp 6 kapena 10, omwe ketulo ndi chotenthetsera mkati zikayaka pamodzi zimawadula. Pa mpopi gwiritsani ntchito paipi yomwe mumasungira madzi akumwa okha, ndipo mutsegule madzi ayende pang'ono musanalumikize. Gasi mumutsegule pomaliza, mukununkhiza ngati pali podontha.

Nyanja yomwe mwaipeza ikufuna chisamaliro chanu. Madzi otsukira mbale ndi osambira asatayidwe pansi kapena m'nyanja, ngakhale sopo wake atalembedwa kuti savulaza chilengedwe, ndipo ngati mukutsukira panja, chitani zimenezi pa mtunda wa mamita 60 kuchokera kumadzi. Ngati mwabwera ndi bwato, zida zophera nsomba kapena nsapato zolowera m'madzi, zitsukeni, zikhuthuleni ndi kuziumitsa musanazilowetse m'nyanja ina. Nkhono zotchedwa zebra mussel, zomwe kwawo ndi kuchigawo cha Black Sea ndi Caspian Sea, zinapezeka mu Lake St. Clair ku North America mu 1988 zitabwera ndi sitima zapamadzi, ndipo kuchokera pamenepo zafalikira m'nyanja zambiri, zina mwa izo kudzera m'mabwato ang'onoang'ono okokedwa pamsewu. Zimatseka mapaipi a madzi ndi kulanda chakudya cha zamoyo za m'nyanjamo.

Masana mphepo imachokera kumadzi kupita kumtunda chifukwa nthaka imatentha msanga, ndipo usiku imatembenuka, choncho denga la nsalu lomwe linali bata madzulo lingayambe kuwombedwa pakati pa usiku. Likulungeni musanagone. Tsekani maukonde a m'mazenera dzuwa lisanalowe, udzudzu usanayambe, ndipo nyali yakunja muiyatse pokhapokha mukuifuna. Ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, ikhale kutali ndi mazenera anu ndi a anzanu, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide womwe ulibe fungo kapena mtundu koma umapha munthu ali m'tulo. Dinani batani loyesera alamu ya mpweyawu ndi ya utsi, lemekezani nthawi yomwe msasawo unaika yoti phokoso lithe, ndipo siyani kabowo ka padenga kotsegula pang'ono, pakuti usiku wa m'mbali mwa nyanja ndi wachinyontho ndipo mukatseka paliponse mudzadzuka magalasi onse ali chonyowa mkati.